Mabotolo a M'mphuno mwa Boti

Boti lija linafika pakhomo pawo litakwezedwa pa lole ya mchenga, ndipo mayi wapanyumbapo atangoliona, mtima unati myuu ngati waona bokosi la maliro. Linali lalitali kuposa chipinda chawo chogona, lotuwa, losupuka utoto, m'mimba mwake muli ndere zouma ndi zisa za mavu. Mwamuna wake, yemwe ntchito yake ndi kuwongola magalimoto ophwanyika pangozi, analipeza kwa kasitomala wina litangogona kuseri kwa galaja. Mwini wake anati alichotse, lamukwana.

"Ndi la thanga ili, amayi," anatero mwamunayo akulisisita ngati ng'ombe. "Silimwa petulo, limangodya mphepo."

"Nanga madzi ali kuti kuno? Mulikankhira m'ngalande?"

"Madzi adzapezeka. Choyamba tilipoletse zilonda."

Analikhazika kuseri kwa nyumba pa matayala akutha, pakati pa chingwe choyanikapo zovala ndi mpanda wa malata. Mlongoti anaugoneka m'mbali mwa khoma, thanga n'kulipinda pansi pa bedi pomwe linkanunkhira nkhungu. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse kunkabwera mng'ono wake wa mwamunayo atavala ovolosi yopanda mabatani, ndipo awiriwo ankapala botilo ndi gilayinda mpaka pabwalo ponse kuyera mbee. Botilo linali la faiba, tiulusi ta galasi tomatidwa ndi utomoni wa m'zitini umene iwo ankautcha lezini. Fumbi lake likagwera pa zovala zoyanika, mwana ankadzikanda mpaka kutuluka magazi.

Mwanayo anali wamkazi, wa zaka zitatu, wa timiyendo tosakhazikika. Tsiku lomwe botilo linafika anakwera pamwamba pake n'kuyamba kuloza anthu chala, ndipo bambo ake anam'patsa dzina pomwepo: Kapiteni. Mayi ake nawo dzina sanalisowe. Mlamu wawo uja ankawatcha a Samalani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Samalani ndi waya uyo. Samalani chitini icho chili potsika. Samalani, mwana ali kumbuyo kwanu.

"A Samalani, kodi inu munabadwa muli ndi mantha kapena munachita kukagula?"

"Sekani, alamu. Mukadzabereka wanu mudzandifunsa komwe amagulitsa."

Kutsogolo kwa botilo, kumphuno kwake, kunali kachipinda kotsekeka mbali zonse. Mwamunayo anafotokoza kuti ndi ka mpweya, kuti boti likagubuduka lisamire. Thabwa lomwe linkatseka kachipindako linali litavunda, choncho analigumula, n'kusiya bowo lalikulu ngati beseni. Asanaikepo lina, anaganiza zodzazamo mabotolo apulasitiki opanda kanthu, otseka bwino, kuti ngakhale madzi atalowa, mabotolowo aliyandamitse. Ntchito yoponyamo mabotolo inali ya Kapiteni. Ankawatolera m'diresi lake, n'kumaponya limodzilimodzi, kenako n'kumalowetsa mutu kuti aone komwe lagwera.

Tsiku lina mayi ake anam'peza atalowamo mpaka m'chiuno, miyendo yokha ili kunja. Anam'koka, n'kumumenya pantchafu, kenako n'kumugwira mapewa onse awiri.

"Ndikadzakupezanso m'menemo, ndidzakukwapula mpaka udzalephera kukhala pansi. Wamva?"

Kapiteni anagwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe. Kuyambira tsikulo, akamva mapazi a mayi ake ankachoka pabotipo msangamsanga, manja kumbuyo.

Loweruka lotseka bowolo kunatentha kwambiri. Masana mayiyo anagoneka mwana, n'kukoka chitseko cha kuchipinda, napita kumpopi wa kutsogolo kwa nyumba kukatsukuluza mabulangete. Anamva abambowo akutuluka kupita kusitolo, akukangana kuti ndani anasiya botolo la mankhwala oumitsa lezini losatseka mpaka onse kutayika. Patapita nthawi anawamvanso akubwera, akumanga geti ndi waya monga mwa masiku onse. Kenako kuseri kunati zii. Iye ankakudziwa kukhala chete kumeneko. Akangodonthezera mankhwala aja m'chitini, lezini sadikira munthu, amayamba kugwirana nthawi yomweyo. Zikatero abambowo sankayankha moni, sankakanda pomwe payabwa, ngakhale nyumba ikanayaka akanati dikirani kaye. Fungo lija linazungulira nyumba n'kumupeza pampopi, lokoma monyansa, lolasa kumbuyo kwa maso.

Atayanika mabulangete anaona ntchito itatha. Thabwa latsopano linali pamalo pake, atalitchinjiriza ndi mtengo, m'mbali monse atamata nsalu ya faiba yonyezimira ndi lezini. Mlamu ankapukuta bulashi pa nyuzipepala akuimba mluzu.

"Taonani, a Samalani. Apa ngakhale nyerere singadutse."

Mayiyo anangowadutsa. Analowa m'nyumba kuti akasuzumire mwana.

Chitseko cha kuchipinda chinali chotsekula. Kuseri kwake kunali ndowa yovundikira, yomwe mwana anapondapo kuti afikire chogwirira. Pabedi panali dzenje la kathupi kake, koma pozizira. Tinsapato tinali pomwe anativulira.

"Kapiteni!"

Anagwada n'kusuzumira pansi pa bedi. Thanga lokhalokha. Anatsekula kabati ya zovala, anayang'ana kuseri kwa sofa, m'khitchini, m'bafa. Kenako anafika pa mgolo wa madzi. Anachita kudzikakamiza kuchotsa chivundikiro, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa, kuvundula pansi. Madzi okhaokha. Anatulukira kubwalo mkono ukudontha.

"Bambo a Kapiteni, mwana ali kuti?"

"Si munam'goneka ndinu?"

"Kulibe."

"Ali pompano. Mwina wapita kwa atelala kukatola tinsanza."

Anathamangira kumpanda n'kuitana mayi woyandikana nawo nyumba, yemwe ankasoka pakhonde. Makina anaima. Ayi, sanamuone lero. Kapena watulukira kumsewu? Telalayo anati wakhala pakhondepo chidyereni, geti lawo waliona likutsekulidwa ndi abambo awiri okha, ndipo potuluka ndi polowa anamanga waya. Wayayo anali pamwamba, poti ngakhale mayiyo ankachita kunyanyamphira.

Ndiye kuti mwana anali mumpanda momwemo.

Anabwerera kuseri pang'onopang'ono. Anayang'ana pansi pa boti, pakati pa matayala. Anasuzumira m'mimba mwake, momwe munali zitini ndi sandipepala. Anaima pafupi ndi mphuno ya botilo, osafuna kuganiza chomwe mutu wake unali utayamba kale kuganiza. Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha, fungo lake linali litadzaza bwalo lonse.

Mkatimo botolo linalira. Phwa.

"Mwamva?"

"Ndi kutentha uko," anatero mwamuna wake akupukuta manja. "Lezini akamauma amatentha. Mabotolo akufufuma."

"Munasuzumiramo musanatseke?"

"Tinasuzumira," anayankha mlamu. "Mabotolo okhaokha mpaka pakamwa."

"Munalowetsamo dzanja?"

Abambo awiriwo anayang'anana. Mluzu unali utatha.

"Pamene munapita kusitolo, bowo linali lotseka?"

"Amayi, musayambe. Tinali titasakaniza kale, nthawi yoti tizi..."

Sanamudikire kuti amalize. Anamenya botilo ndi zikhatho zonse ziwiri, pakamwa atagunditsa pa faiba yoyabwayo.

"Kapiteni! Kapiteni iwe! Uli m'menemo? Yankha! Ndikuti yankha!"

Anasiya, n'kuika khutu. Anangomva magazi ake omwe akuthamanga m'mutu. Anamenyanso, anakuwanso mpaka mawu anasasa. Telala anali atafika pampanda, akusuzumira pamwamba pa malata, tepi ili m'khosi.

"Mwaona?" Mwamunayo anayesa kuseka, koma kuseka kwake kunalibe mafupa. "Akanakhala m'menemo bwenzi akulira. Mwana uja mumam'dziwa, akangotsekeredwa m'bafa msewu wonse umamva. Tisagumule ntchito yonseyi chifukwa cha botolo. Tiyeni tiyang'anenso m'nyumba."

Mayiyo anali pafupi kuvomera. Ankafunitsitsa kuti mwamuna wake akhale wolondola, amuseke chaka chonse, mlamu amuwonjezere dzina lina. Koma anayang'ana zikhatho zake zofiira ndi kumenya kuja, ndipo anadzimva mawu omwe amakuwa nawo. Anali mawu omwe aja a tsiku lija anam'gwira mwana mapewa. Mwana amene wamva mawu amenewo, ali pamalo pomwe analetsedwa, sayankha. Amadzipinda n'kugwira pakamwa.

Anagwira malaya a mwamuna wake n'kulankhula chonong'ona.

"Akuopa ine. Muuzeni kuti ndachoka."

"Mukuti chiyani?"

"Muuzeni kuti ndapita. Chonde, bambo a Kapiteni. Mumuitane mmene mumamuitanira."

Anabwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda khoma la nyumba, n'kudzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Mwamuna wake anamuyang'ana, kenako anakwera m'botimo n'kugwada patsogolo pa thabwa lija.

"A Kapiteni," anatero ndi mawu osewera. "A Kapiteni, bwana wanga. Amayi apita kumsika. Tatsala tokhatokha, ine ndi bambo aang'ono. Muli kuti kodi? Boti likufuna kunyamuka, woyendetsa sakuoneka."

Zii. Patali galimoto inaliza hutala. Madzi ankadontha kuchokera pa mabulangete.

Kenako mabotolo anasokosera, ambiri nthawi imodzi, ndipo kunamveka kachifuwa kouma, ngati ka mwana wa mphaka.

"Ababa." Mawuwo anali aang'ono, ochokera kutali ngati pansi pa chitsime. "Kukununkha."

Telala anafuula pampanda paja. Mlamu analumpha n'kutola gilayinda, chala chili kale pa batani, ndipo chitsulocho chinalira mpaka mano kuchita dzanzi. Mayiyo sanadziwe kuti wafika bwanji pasoketi. Anangoona waya uli m'manja mwake, gilayinda ikuzima.

"Alamu, mudula pati? Mukudziwa pomwe pali mutu wake?"

Mlamuyo anayang'ana chitsulo chomwe chinkadula zitseko za magalimoto ngati buledi, n'kuchiika pansi pang'onopang'ono. Nkhope yake inali itatuwa kuposa botilo.

"A Kapiteni, sunthirani kutsogolo, kutali ndi mawu anga," anatero bamboyo. "Mwamva? Sunthani."

Panalibe yankho.

Mayiyo anakumbukira chinthu chomwe ankachiona akamayanika zovala. Pomwe anapala utoto wonse, botilo linali lopyapyala moti dzuwa likawomba mbali imodzi, dzanja la munthu wogwira ntchito mkati linkaoneka kunja ngati chithunzithunzi. Anasolola bulangete lonyowa pachingwe, nathamangira mbali ya mthunzi, n'kudzifunditsa kumutu pamodzi ndi mphuno ya botilo. Poyamba sanaone kanthu. Kenako faiba inayamba kuwala mobiriwira, ngati madzi a m'dziwe. Anaona mabotolo ali mbuu, osanjikizana. Pansi pake, pakona, panali chinthu chakuda, chozungulira, chotsamira thabwa lenilenilo. Sichinkagwedera.

"Ali pathabwa pomwepo! Mutu uli pansi, mbali ya kuno. Dulani pamwamba. Ndi mpeni, osati chitsulo icho!"

Mlamu anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mpeni wa nyama. Lezini anali asanaume gwa, anali ngati labala, koma wotentha moti mwamunayo atangogwira anabweza dzanja. Anagwiranso. Analasa mpeni m'mbali mwa thabwa chakumwamba n'kuyamba kucheka, tiulusi tikulira tsetsetse. Mpeni unkayenda pang'ono n'kukakamira, kuyenda pang'ono n'kukakamira. Lezini ankauma iwo akuona.

"A Kapiteni, tiimbe nyimbo ija ya kusukulu," ankatero uku akucheka, thukuta likugwera m'maso. "Yambani ndinu. A Kapiteni? Mwana wanga?"

Mkatimo munali chete. Ngakhale botolo silinalire.

Mayiyo anakwera m'botimo n'kugwada pambali pa mwamuna wake. Sanadziwe ngati alankhule kapena ayi. Akalankhula mwana aopa, akapanda kulankhula mwana apita akuganiza kuti mayi ake ali kumsika. Anagunditsa chipumi pathabwa, pomwe mutu uja unali kuseri kwake, ndipo kutentha kunamulowa mpaka m'mano.

"Nana," anatero motsitsa. "Ndine amama. Sindikumenya, wamva? Sindikumenya ngakhale pang'ono. Usagone."

Mlamu anabwera ndi chitsulo chochotsera matayala. Anachilowetsa mumng'alu womwe mpeni unasiya, ndipo abale awiriwo anakanikiza pamodzi. Thabwa linalira koma silinasunthe. Anakanikizanso, mitsempha ili tototo m'khosi. Nsalu ya faiba inayamba kung'ambika kuchokera pamwamba, ikukoka tizingwe ta lezini, mpaka thabwa linapendekera kunja. Mwamunayo analigwira ndi manja n'kulikoka ngati akuchotsa chitseko cha galimoto yogubuduka.

Fungo lomwe linatuluka linawabweza onse m'mbuyo. Mabotolo anakhuthukira pamiyendo pawo. Mpata unali wochepa, mapewa a abambowo sakanalowa. Mayiyo anagwira mpweya, n'kulowetsa mutu ndi mikono, lezini wa m'mbali akumumata tsitsi ndi zigongono. Anapapasa pakati pa mabotolo. Anagwira phazi. Linali lofunda. Anatsatira mwendo mpaka anapeza diresi, nalikwinya ndi manja onse awiri pamsana, n'kukoka.

Kapiteni anatuluka ali lende ngati chovala chonyowa. Maso anali otsekula pang'ono, koyera kokha kukuoneka. Pakamwa panali thovu. M'dzanja limodzi anali atafumbata chitsekero cha botolo.

"Akupuma? Amayi, akupuma?"

Mayiyo sankadziwa. Anamukumbatira pachifuwa n'kudumpha kutuluka m'botimo. Pageti waya uja anakana kumasuka, mpaka mlamu analimenya getilo ndi phewa, malata n'kupindika. Telala anali kale pakati pa msewu, manja m'mwamba, ataimitsa galimoto yogawa buledi m'masitolo. Dalaivala anatsekula pakamwa kuti akalipe, koma ataona mwanayo anangotsekula chitseko.

M'galimotomo mayiyo anaika mwana pafupi ndi zenera kuti mphepo izimuwomba kumaso. Anayesa kuona ngati kachifuwa kakukwera, koma msewu unali wa mabampu, chilichonse chinkagwedezeka. Anaika tsaya lake pamphuno pa mwanayo. Kanali kampweya, kapena inali mphepo ya pazenera? Mwamuna wake anali atapanikizika pambali pake, zala zili matuza okhaokha, akungobwereza kuti, "Tinasuzumira, amayi, tinasuzumiradi," mpaka dalaivala anamuuza kuti, "Achimwene, khalani chete, mayiwa amve mwana."

Pachipatala anthu a pamzere anapatuka okha. Namwino wina wamkulu thupi anawatsogolera kukachipinda ka makatani obiriwira, akufunsa mafunso mofulumira. Wamwa chiyani? Sanamwe, wapuma. Wapuma chiyani? Mwamunayo anayamba kufotokoza za boti, namwino n'kumuyang'ana ngati wapenga.

"Boti? Kuno? Chabwino, mudzandiuza bwino. Mayi, m'gonekeni apa."

Anam'goneka.

"Tsopano musiyeni."

"Ndikumusiya."

"Mayi, chotsani manja tigwire ntchito."

"Akukana, anesi. Manja akukana."

Namwino anawerama n'kuona. Lezini uja anali ataumira m'njira, ndipo zala za mayiyo zinali zitamatirira ku diresi la mwana, mmene analikwinyira muja. Sanataye nthawi. Anatenga sizasi m'thumba n'kudula diresilo mozungulira manja onse awiri. Wina anaika kachigoba ka mpweya pankhope pa mwanayo, wina anakoka katani, ndipo makolowo anapezeka ali panja, pabenchi ya m'khonde.

Mayiyo anakhala manja ali pamiyendo, tinsanza tiwiri ta maluwa achikasu titamatirira m'zikhatho. Anayang'ana pansi pa katani, pomwe pankaoneka nsapato za anamwino zikuyenda uku ndi uku. Zikafulumira, mtima wake unkaima. Zikaima, unkaimanso. Gogo wina wa bandeji pamwendo anam'patsa madzi m'botolo, koma iye atangoona botololo anatembenuza nkhope.

Kuseri kwa katani kunamveka kukhosomola. Kenako kusanza, kwambiri, ndi mawu a namwino akuti, "Eya, tulutsa, tulutsa zonse." Kenako kulira. Kunayamba kosasa, kodukaduka, n'kumakula mpaka kunadzaza khonde lonse, kulira kwaukali kwa mwana amene wadzuka pakati pa anthu osawadziwa.

Namwino anatulutsa mutu. "Agona konkuno lero kuti timuone bwino. Koma mapapo alipo, mukudzimvera nokha. Mulowa ndikakuitanani. Inu bambo, manja awo akaonedwe uko, musandidonthezere pansi."

Mwamunayo sanadzuke. Anayang'ana matuza ake, kenako mkazi wake.

"Amayi, boti lija ndikangofika kunyumba..."

"Musalankhule."

"Ndimati ndinene kuti..."

"Bambo a Kapiteni, chonde. Mukunditchingira."

Anapendeketsa mutu cha kukatani kuja, manja omata aja ali chitambasulire. Kulira kukaduka kuti mwana akoke mpweya, iyenso ankasiya kupuma, mpaka kuyambirenso.